Woodbridge: mudzi womangidwa pomwe padali busa la ng'ombe

Kumwera kwa California, m'dziko la America, kuli mzinda wa Irvine, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Los Angeles. M'chaka cha 1950 pafupifupi malo onsewa adali minda ndi mabusa a kampani imodzi. Pofika kalembera wa 2020, mumzindawu mudali anthu 307,670. Chimodzi mwa zigawo zake zodziwika kwambiri ndi Woodbridge, ndipo mbiri yake ikutithandiza kuyankha funso lomwe limavuta kulikonse kumene tauni ikudya minda: kodi anthu osadziwana, ogula nyumba pamalo pomwe dzulo padali msipu, amasanduka bwanji mudzi?

Kodi eni nthaka oyamba adali ndani?

Azungu asanafike, chigwa chimenechi chidali cha anthu a mitundu ya Tongva ndi Acjachemen. Iwo ankakhala m'mbali mwa mitsinje ndi madambo, kusodza, kusaka ndi kutola mbewu za m'tchire. Mu 1769 gulu la Asipanya lotsogozedwa ndi Gaspar de Portolá lidadutsa m'derali, ndipo mu 1776 ansembe adakhazikitsa mishoni ya San Juan Capistrano chakumwera kwake. Eni nthaka ambiri adasonkhanitsidwa ku mishoni kukagwira ntchito yolima ndi kuweta, ndipo matenda obwera ndi alendowo adapha ochuluka.

Mexico italandira ufulu kwa Asipanya mu 1821 n'kutenga derali, boma latsopano lidalanda minda ya mamishoni potsatira lamulo la 1833, n'kuigawa kwa mabanja otchuka. Eni nthaka sadabwezeredwe malo awo. Ambiri adakhala abusa a ng'ombe ndi antchito apakhomo pa nthaka ya makolo awo omwe. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero m'boma la Orange, momwe muli mzinda wa Irvine, koma boma lalikulu la America silidavomerezebe mitundu iwiriyi ngati mafuko odziyimira paokha.

Nanga malowa adafika bwanji m'manja mwa banja la Irvine?

Chidawabweretsa ndi chilala ndi ngongole. José Andrés Sepúlveda adapatsidwa malo aakulu mu 1837 ndi 1842, omwe adadziwika kuti Rancho San Joaquin. Chuma chake chidali ng'ombe, makamaka zikopa ndi mafuta ake, zomwe zinkagulitsidwa kwa amalonda apanyanja. Adali munthu wopatsa ndi wokonda mijaha ya akavalo, koma adakongola ndalama zambiri. California italowa m'manja mwa America mu 1848, eni mafamu adakakamizidwa kukatsimikizira umwini wawo kubwalo la milandu, zomwe zidawadyera ndalama zina. Kenaka chilala cha 1863 ndi 1864 chidapha ng'ombe zosawerengeka.

Mu 1864 Sepúlveda adagulitsa maekala oposa 48,000 pa mtengo wa madola 18,000. Ogula adali James Irvine, wamalonda wobadwira ku Ireland yemwe adalemera pogulitsa katundu ku San Francisco m'nthawi ya migodi ya golide, pamodzi ndi anzake Llewellyn Bixby, Benjamin Flint ndi Thomas Flint. Iwowa sadafune ng'ombe koma nkhosa, chifukwa nkhondo yapachiweniweni ya ku America idasokoneza malonda a thonje ndipo ubweya udakwera mtengo. Mu 1866 adawonjezera famu ina yoyandikana nayo, Rancho Lomas de Santiago. M'zaka za m'ma 1870 Irvine adagula magawo a anzake onse pa madola 150,000, n'kutsala yekha ndi maekala pafupifupi 110,000, otambalala makilomita 37 kuchokera kunyanja ya Pacific kukafika ku mtsinje wa Santa Ana.

Kodi idakhalabe famu ya ziweto zokhazokha?

Ayi. James Irvine atamwalira mu 1886, mwana wake James Irvine II ndiye adasintha nkhope ya famuyi. Mu 1894 adailembetsa ngati kampani, The Irvine Company, ndipo adayamba kulima barele, nyemba za mtundu wa lima, malalanje, mandimu ndi mbewu zina. Adakumba zitsime, kumanga madamu ndi kuphwetsa madambo. Pofuna kuteteza malalanje ku mphepo yotentha ndi youma ya Santa Ana, adadzala mizere italiitali ya mitengo ya bulugama. Ng'ombe zidakankhidwira kumapiri.

Mbiri ikamakambidwa, nthawi zambiri amatchulidwa ndi eni famu okha, komatu thukuta lidali la ena. Gawo lalikulu la minda linkalimidwa ndi matenanti, omwe ankapereka gawo la zokolola kwa kampani. Othyola malalanje ndi okolola nyemba ambiri adali ochokera ku Mexico kapena ana awo, olandira malipiro ochepa. Mu 1936 othyola malalanje a m'boma la Orange adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo apolisi adathetsa sitalakayo mwankhanza. Amene akufuna kumvetsa kulemera kwa derali ayenera kuyambira pa anthu amenewa.

N'chiyani chidachititsa kuti minda isanduke tauni?

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndiyo idatsegula khomo. Boma lidatenga gawo la famuyi n'kumangapo malo awiri a asilikali, ku El Toro ndi ku Tustin. Asilikali ambiri amene adadutsa kumeneko adakonda nyengo yake, ndipo nkhondo itatha adabwerera kudzakhazikika. Misewu ikuluikulu yochokera ku Los Angeles idafika, Disneyland idatsegulidwa ku Anaheim mu 1955, ndipo mafakitale a zandege adalemba anthu ambiri ntchito. Boma la Orange lidali ndi anthu pafupifupi 216,000 mu 1950, koma pofika 1960 adapitirira 700,000, ndipo mu 1970 adakwana 1.4 miliyoni.

Nthaka ikakwera mtengo, msonkho wake nawo umakwera. Ekala yolimapo nyemba idayamba kulipitsidwa msonkho ngati malo omangapo nyumba, moti ulimi udaleka kupindulitsa. James Irvine II adamwalira mu 1947, ndipo mwana wake Myford adayamba kulola kumanga nyumba m'mbali mwa nyanja. Mu 1953 famuyi idalandira msonkhano wa anyamata a sikauti oposa 45,000, ndipo msewu womwe udalambulidwa pa nthawiyo, Jamboree Road, lero ndi umodzi mwa misewu ikuluikulu ya mzindawu.

Bwanji kampaniyo sidangodula mapuloti n'kugulitsa monga ankachitira alimi ena?

Apa ndi pomwe pagona kusiyana konse. M'madera oyandikana nawo mlimi aliyense ankagulitsa munda wake kwa womanga amene wafika, ndipo nyumba zinkamera paliponse, sukulu ndi mapaki n'kumaganiziridwa pambuyo. Ku Irvine nthaka yonse idali ya mwini mmodzi, choncho kudali kotheka kujambula mzinda wathunthu njerwa yoyamba isanaikidwe.

Mwayi udabwera pamene University of California inkafuna malo omangapo nthambi yatsopano. Mu 1960 kampaniyo idapereka maekala 1,000 pa mtengo wa dola imodzi. Katswiri wa mapulani William Pereira adajambula yunivesiteyo pamodzi ndi tauni yoizungulira ya anthu 50,000. Pulezidenti Lyndon Johnson adapatula malowo mu 1964, ndipo ophunzira oyamba adalowa mu 1965. Mnzake wa Pereira pantchitoyi, Raymond Watson, adalimbikitsa zoti mzindawu usakhale chimulu chimodzi cha nyumba, koma ugawidwe m'midzi, uliwonse wokhala ndi malire ooneka, sukulu yake, mapaki ake ndi masitolo ake. University Park ndi Turtle Rock idali ina mwa midzi yoyamba. Pa 28 Disembala 1971 Irvine idakhala mzinda wodzilamulira, anthu ake atavota chifukwa choopa kuti mizinda yoyandikana nayo ingatenge zigawo zake zamafakitale.

Banja la Irvine silidakhale mwini mpaka kalekale. Lamulo la misonkho la 1969 lidakakamiza bungwe lachifundo la James Irvine Foundation kugulitsa masheya ake a m'kampaniyo, ndipo mu 1977 gulu la amalonda lidagula kampaniyo pa madola 337 miliyoni. Mmodzi mwa iwo, Donald Bren, adatenga gawo lalikulu mu 1983 ndipo pofika 1996 adakhala mwini yekha.

Tsono Woodbridge yeniyeniyo idamangidwa motani?

Malo ake adali chigwa chathyathyathya cha maekala pafupifupi 1,700, chopanda phiri kapena nyanja yokopa ogula. Okonza mapulani adaganiza zopanga okha chinthu chokokera anthu pamodzi. Adakumba nyanja ziwiri, ina kumpoto ina kumwera, ndipo pa iliyonse adamangapo mlatho wamatabwa wa oyenda pansi. M'mphepete mwa nyanjazo adakonza maiwe osambiramo okhala ndi mchenga. Msewu wozungulira, Yale Loop, umalumikiza mbali zonse za mudziwu, ndipo pakati pake, motsatira mtsinje wa San Diego Creek, adasiya mpata wa masitolo, matchalitchi, maofesi ndi sukulu ya sekondale, yomwe idatsegulidwa mu 1980. M'malire adaunda mitumbira ya dothi yodzalapo mitengo kuti phokoso la magalimoto lisalowe.

Adasakanizanso mitundu ya nyumba: zazikulu zoima pazokha, zing'onozing'ono zogundizana makoma, ndi mafulati a lendi. Cholinga chidali choti wongoyamba banja, wa ana ambiri ndi wopuma pantchito onse apeze pokhala m'mudzi umodzi. Nyumba zoyamba zitatuluka mu 1976, ofuna kugula adachuluka kwambiri kuposa nyumbazo moti kampani idachita kuchititsa maere. Lero ku Woodbridge kuli nyumba zoposa 9,000.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: malo a onse adasankhidwa poyamba, ndipo adatenga pakati penipeni pa mudzi. Nyumba ndizo zidatsatira.

Ndani amasamalira nyanja, mapaki ndi maiwe onsewa?

Eni nyumba okha, kudzera m'bungwe lawo la Woodbridge Village Association. Aliyense wogula nyumba amakhala membala, afune asafune, chifukwa udindowo udalembedwa m'zikalata za malowo. Mwezi uliwonse amapereka ndalama zomwe zimalipira otchetcha kapinga, oyang'anira osambira, okonza madzi a m'nyanja ndi ena. Ndalamazo zimasamaliranso maiwe osambiramo oposa 20, mabwalo a tenisi ndi mapaki ambiri ang'onoang'ono. Bungweli limayendetsedwa ndi komiti yosankhidwa ndi eni nyumba, ndipo lamulo la California la 1985 lotchedwa Davis-Stirling limaikira malire momwe mabungwe otere ayenera kuchitira misonkhano, zisankho ndi kusunga ndalama.

Khonsolo ya mzinda ili ndi gawo lake: apolisi, misewu ikuluikulu ndi mapaki aakulu. Sukulu zili ndi bungwe lake lapadera. Koma zinthu zimene munthu amaziona akangotuluka pakhomo zili m'manja mwa iye ndi anansi ake. Wokana kupereka amalipitsidwa chindapusa, ndipo ngongole ikakula bungwe lingathe kuika chikole pa nyumba yake.

Kodi malamulo a bungweli sapanikiza anthu?

Amapanikiza, ndipo si onse amene amawakonda. Munthu sangapake nyumba yake penti wa mtundu uliwonse womwe wafuna. Kuwonjezera chipinda, kusintha mpanda kapena denga kumafuna chilolezo cha komiti. Palinso malamulo okhudza poimika galimoto ndi kasamalidwe ka pabwalo. Otsutsa amati Irvine ndi mzinda wofanana paliponse, momwe kampani imodzi idasankhira anthu ngakhale maonekedwe a makoma awo. Dandaulo limeneli lili ndi maziko.

Komabe okhalamo ambiri adasankha dala moyo wotere. Amadziwa kuti nyumba yoyandikana nayo sidzasanduka malo omwera mowa kapena galaja usiku umodzi, ndiponso kuti paki yomwe ana awo amaseweramo sidzagulitsidwa. Walira mvula walira matope. Vuto lenileni limabwera pamene anthu aleka kupita kumisonkhano n'kusiyira ochepa mphamvu zonse, chifukwa pamenepo malamulo omwe adali mgwirizano wa anansi amasanduka chikwapu.

Nanga moyo wa tsiku ndi tsiku ndi wotani, ndipo amakhalako ndani?

Madzulo njira za m'mbali mwa nyanja zimadzaza ndi oyenda pansi, apanjinga ndi makolo okankha ana m'tingolo. Ana ambiri amatha kufika kusukulu ya pulayimale wapansi. M'chilimwe mumakhala magulu a ana ophunzira kusambira, zoimbaimba pafupi ndi nyanja, komanso zikondwerero za tsiku la ufulu wa dzikolo pa 4 Julayi. Ubale wambiri umayambira m'malo otere ndiponso m'makomiti a makolo kusukulu, osati m'nyumba.

M'zaka zoyamba okhalamo ambiri adali azungu. Zinthu zidasintha kwambiri. Pa kalembera wa 2020, anthu pafupifupi 45 pa 100 alionse mu Irvine adali ochokera ku Asia kapena mbadwa zawo. M'masitolo mumamveka Chitchaina, Chikoreya, Chiperisiya, Chihindi ndi Chiarabu. Kuli matchalitchi, mizikiti ndi masinagoge, komanso sukulu za kumapeto kwa sabata zophunzitsa ana zilankhulo za makolo awo. Chaka chilichonse mzindawu umachita chikondwerero cha Irvine Global Village Festival. Kusinthaku kudafika ndi m'ndale: Sukhee Kang, wobadwira ku Korea, adasankhidwa kukhala meya mu 2008, ndipo Farrah Khan adasankhidwa mu 2020. Chimene chimakoka mabanja ambiri ndi sukulu zabwino ndi chitetezo, popeza kwa zaka zambiri ziwerengero za apolisi a boma lalikulu, FBI, zakhala zikusonyeza kuti Irvine ili ndi milandu yachiwawa yochepa kwambiri pakati pa mizinda ya kukula kwake.

Derali ndi louma. Madzi a kapinga ndi mitengo yonseyi amachokera kuti?

Ili ndi funso lofunika, pakuti chilala ndicho chidagwetsa eni famu akale. Bungwe la madzi la Irvine Ranch Water District lidakhazikitsidwa mu 1961, nyumba zambiri zisanamangidwe. Madzi akumwa amachokera m'zitsime za m'derali, ena amabwera kuchokera ku mtsinje wa Colorado ndi kumpoto kwa California. Chimene bungweli lidatchuka nacho ndi kuyeretsa madzi otayidwa m'nyumba n'kuwabwezera kukathirira mapaki, mabwalo a sukulu ndi mitengo ya m'misewu. Madzi amenewa amayenda m'mapaipi akeake a mtundu wapepo kuti asasokonezedwe ndi akumwa, ndipo mtundu umenewu udatengedwanso ndi madera ena ambiri. Izi zidatheka mosavuta chifukwa mapaipi ankaikidwa nthaka ikadali yopanda nyumba.

Kodi pali mavuto omwe mapulani sadawathetse?

Alipo, ndipo lalikulu ndi mtengo wa nyumba. M'zaka zaposachedwa nyumba wamba ku Irvine yakhala ikugulitsidwa pa madola oposa miliyoni imodzi. Zotsatira zake n'zakuti ambiri mwa otchetcha kapinga, osesa m'maofesi, ophika m'malesitilanti ngakhale aphunzitsi ena amakhala mumzinda wa Santa Ana kapena kutali kuposa apo, n'kumayenda ulendo wautali tsiku lililonse. Ana obadwira ku Woodbridge nawo ambiri amalephera kugula nyumba kumene adakulira. Mu 2006 mzindawu udakhazikitsa Irvine Community Land Trust kuti izimanga nyumba zotsika mtengo, koma ofuna ndi ochuluka kuposa nyumba zomwe zilipo.

Vuto lachiwiri ndi galimoto. Mkati mwa mudzi munthu amayenda wapansi, koma kupita kuntchito kapena kumudzi wina kumafuna kudutsa misewu yotakata kwambiri, ndipo mabasi ndi ochepa. Lachitatu ndi moto wolusa. Mu Okutobala 2020 moto wa Silverado, wokolezedwa ndi mphepo ya Santa Ana, udachititsa kuti anthu masauzande ambiri a m'midzi ya kufupi ndi mapiri athawe m'nyumba zawo. Palinso chilonda chosiyidwa ndi malo a asilikali a El Toro: mankhwala otsukira ndege adalowa m'madzi apansi pa nthaka, ndipo ntchito yowayeretsa yatenga zaka zambiri.

Kodi anthu wamba adakhalapo ndi mawu pa tsogolo la nthaka imeneyi?

Inde, ndipo kawiri konse adasintha mapu. Mu 1988 ovota a ku Irvine adavomereza mgwirizano woti kampani ikamamanga m'malo ena, izipereka mapiri ndi zigwa zina kwa mzinda kuti zisadzamangidwepo. Kenaka pa malo a El Toro, omwe adatsekedwa mu 1999, akuluakulu a boma la Orange adafuna kumangapo bwalo lalikulu la ndege. Anthu a ku Irvine ndi mizinda yoyandikana nayo adakana kwa zaka zambiri, ndipo mu 2002 ovota adasankha kuti malowo akhale paki. Pakiyo, Great Park, yomwe ilipo lero, idachedwa ndipo idadya ndalama zambiri, komanso gawo lina la malowo lidamangidwa nyumba, koma bwalo la ndege silidamangidwe.

Chatsala n'chiyani cha famu yakale?

Mapiri ndi zigwa zambiri zidasungidwa. Mu 2006 boma lalikulu lidalemba gawo lake pa mndandanda wa malo achilengedwe ofunika m'dzikolo, ndipo mu 2010 kampaniyo idapereka maekala 20,000 ku boma la Orange. Ku Bommer Canyon kukadali malo omwe abusa ankasonkhanitsirako ng'ombe. M'midzi ya kumpoto mizere ya bulugama ikadaima pakati pa nyumba. Nkhokwe yaikulu yosungiramo nyemba ndi mbewu ku Old Town Irvine idasandutsidwa hotela, ndipo ku Tanaka Farms ana asukulu amapitabe kukaona momwe masamba ndi zipatso zimalimidwira. Zokumbutsa za matenanti, othyola malalanje ndi eni nthaka oyamba ndi zochepa poyerekeza ndi za banja la Irvine.

Pomaliza, tiiweruze bwanji Woodbridge?

Idapambana pa chinthu chimodzi chachikulu. Idasonyeza kuti anthu obwera kuchokera kumakona onse a dziko angathe kukhala anansi enieni ngati apatsidwa malo okumanirana, ndiponso ngati ali ndi udindo wowasamalira ndi ndalama zawo ndi nthawi yawo. Sukulu, paki, njira ya wapansi ndi paipi ya madzi n'zosavuta kuika nthaka ikadali yopanda kanthu, koma n'zodula kwambiri kuziika nyumba zitadzaza kale.

Idalephera pa chinthu chinanso chachikulu: anthu ambiri omwe manja awo amakongoletsa mudziwu sangakwanitse kugonamo. Choncho inu amene muli ndi mawu pamene munda kapena busa likudulidwa mapuloti, kaya ndinu mwini malo, khansala kapena wogula, funsani mafunso awiri puloti yoyamba isanagulitsidwe: malo a onse ali pati, ndipo wolandira malipiro ochepa adzakhala kuti?